Mulu wa Zigoba wa a Clovis

Kutatsala masabata owerengeka kuti chionetsero chitsegulidwe, Noelie Parfait anali asanakhalebe pansi. Ankazungulira holo ya chionetserocho wopanda nsapato, kunyamula chigoba apa n'kukachiika apo, kubwerera chafutambuyo mpaka kukhoma, kupendeketsa mutu, kenako n'kukachibwezera pomwe chinali. Anthu a m'nyumba yoonetsera zaluso ya ku New Orleans ija anali atasiya kumufunsa ngati akufuna khofi. Munthu woti sangathe kuima malo amodzi sumuwonjezera khofi.

Ntchito yake inali iyi. Pansi ponse pa holoyo anayalapo zigoba za nkhono za m'nyanja, zija timatsegula ndi mpeni, n'kuziumba m'maonekedwe a chilumba cha Bonfils monga chinalili bambo ake ali mnyamata: chotambalala, cha madambo ndi msipu wa ng'ombe, mitengo ikuluikulu kum'mawa. Pamwamba pake, pa zingwe za mbedza, anapachika zigoba zina zochepa, kamzere kowonda ngati munga wa nsomba, kusonyeza chomwe chatsala lero madzi amchere atadya. Ukalowa unkayamba waona chachikulu chija, n'kukweza maso, n'kuona kuchepa kwa chomwe chatsala. Mpaka apo zinali bwino. Vuto linali kum'mawa. Kumeneko zigoba zinaperewera, simenti inkaonekera, ndipo diso la Noelie linkangothamangira komweko monga lilime lithamangira dzino lobowoka.

Zigobazo sanagule. Ife a ku Bonfils sititaya chigoba m'bini. Ukadya nkhono, chigoba umakachiponya kuseri kwa nyumba, m'mphepete mwa madzi, pomwe anaponya amako, pomwe anaponya amene anabereka amako. Mwana akachitaya pena ankamutuma kukachitola, kaya kukugwa mvula. Palibe ankalongosola chifukwa, monganso palibe amalongosola chifukwa chotsekera chitseko. Pang'onopang'ono ndi mtolo: kuseri kwa nyumba ya a Clovis Parfait, bambo ake a Noelie, kunakula mulu wofika m'chifuwa, wautali ngati maboti angapo ondondozana. Mafunde akabwera ankaswekera pamenepo. Nyumba za anansi zinapita imodziimodzi, eni ake n'kusamukira ku nyumba zatsopano zomwe boma linamanga kumtunda, pakati pa minda ya nzimbe. Ya a Clovis inatsala, pamodzi ndi mkuyu wake wa kuseri.

Ndipo amene ankawavutitsa kwambiri kuti asamuke anali Noelie yemweyu. Akangomva pa wailesi kuti kunyanja kwabadwa namondwe, ankawaimbira foni, kuwapempha, kuwaopseza, nthawi zina kulira kumene. Iwo yankho linali limodzi: akakatani kunzimbe, kodi iwo ndi nyerere?

Chaka cha chionetserocho a Clovis anaterereka m'boti n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Madokotala a ku Houma anawaika chitsulo, ndipo anakachirira kwa Roy, mchimwene wake wa Noelie. Noelie anawapempha zigobazo ali chigonere pabedi la kuchipatala. Iwo anati atape pang'ono pamwamba, abweze mphepo zisanayambe. Mawu oti atape anawamva bwinobwino. Oti pang'ono aja anagwera panjira.

Ulendo woyamba anatapadi pamwamba. Atayala m'holo, chilumba chinangofika theka. Anabwereranso. Tsopano kunatsala kum'mawa kuja, ndipo atazungulira mpaka mapazi kuwawa anatulutsa foni n'kuimbira Roy.

Roy anayamba ndi kukana, monga mwa chizolowezi chake. Anati msana ukumupweteka, anati galimoto yake ikumwa mafuta ngati chidakwa, anati anthu a mumzinda ngati akufuna kuona zigoba apite akadye okha nkhono. Pomaliza anafunsa ngati mdala akudziwa.

"Anavomera," anatero Noelie.

"Anavomera ali ndi mankhwala ogonetsa m'mutu, chemwali. Tsiku lomwelo anavomeranso kukwatira namwino."

"Ndibweza zonse chionetsero chikangotha. Ubwera kapena subwera?"

Anabwera.

Pamwamba pa mulu zigoba zinali zouma, zongopolokoka ndi fosholo. Koma za pamwambazo zinali zitatha. Zomwe anazipeza tsopano zinali za pansi, pomwe madzi amafika akadzaza, ndipo zinali zogwirana ngati munthu anathirapo simenti. Tiana ta nkhono tinali titamera pa zigoba zakale, tina pamsana pa tinzake, mpaka mulu wonse kusanduka chinthu chimodzi. Fosholo inakana. Roy anakatenga piki, anamenya kawiri katatu, chibuma chinang'ambika, timadzi totuwa n'kuchucha. Anaima, piki ili m'manja.

"Izitu n'zamoyo," anatero.

"Ndaona."

"Waona, ndiye?"

Noelie anayang'ana madzi, anayang'ana mkuyu, anayang'ana dzuwa lomwe linali litayamba kupendeka, kenako analanda piki ija n'kumenya yekha. Mtima unkagunda ngati akuba, ndipo anadziuza kuti munthu sangabe kwa bambo ake. Anadziuzanso kuti anthu ambiri akaona ntchitoyi adzamva chisoni ndi Bonfils, mwina n'kuchitapo kanthu. Zimenezo ankazikhulupirira ndithu, kungoti tsiku limenelo zinafunika kuzibwereza kangapo.

Mayi Whitlock, omwe ankayang'anira chionetserocho, anali munthu wabwino koma wa malamulo. M'holo mwawo simulowa chamoyo, simulowa chonunkha, simulowa chothothoka fumbi. Choncho Noelie anaviika zigobazo m'migolo ya mankhwala oyeretsera kuseri kwa nyumba yomwe ankachita lendi, anansi n'kumatseka mawindo chifukwa cha fungo. Anaziyanika padzuwa. Kenako anazipaka vanishi, monga anachitira ndi zoyamba zija, kuti zizinyezimira pang'ono magetsi akaziwalira. Mwana aliyense wa ku Bonfils amadziwa chomwe kamwana ka nkhono kamafuna kuti kamere: chigoba chokhakhala, chosapakidwa kanthu. Noelie ankadziwa. Ganizo limenelo analikankhira kumawa, ndipo anapaka.

Kum'mawa kunadzaza, kupatula kadanga kamodzi konga chikhatho pakona penipeni. Iye anaona kuti palibe wina angakazindikire.

A Clovis atatha kuyenda ndi ndodo anaumirira kubwerera kwawo, ndipo Roy anakawatula. Noelie anadikira foni ya mkwiyo. Sinabwere. Anaimba yekha, iwo n'kumuuza za nkhanu, kuti chaka chino n'zowonda, ndi za chitsulo cha m'chiuno, kuti chikulosera mvula bwino kuposa a wailesi. Za mulu osatchula n'komwe. Kukhala chete kumeneko kunamudya kuposa kukalipa. Ankadzuka m'mawa ali wotopa, kuyamba chinthu osachimaliza, kuwiritsa madzi n'kuwaiwala pamoto.

Kenako kunabwera kamphepo ka kum'mwera, kopanda ndi dzina komwe, kaja a wailesi amangokatchula podutsa. Kanawomba masiku angapo osapuma, kakukankhira nyanja kumtunda. Noelie anatenga makiyi n'kufika pagalimoto, akuti athamangire ku Bonfils. Anakumbukira kuti amagetsi akubwera kudzakonza nyale za m'holo, n'kubwerera. Atafika pakhomo la holo anatembenukanso. Mapanga awiri avumbwitsa: tsiku linatha asanapite ku Bonfils, ndipo nyale nazo sanaziyang'anire. Atamuimbira Roy, iye anati msewu wamira, mdala ali bwino, akuphika therere ndi nkhanu. Zinazo, anatero, adzaona yekha.

Madzulo otsegulira chionetsero holo inadzaza. Anthu ankayenda m'mbali mwa zigoba ndi matambula a vinyo, akulankhula monong'ona ngati pamaliro a munthu wolemera. Ambiri anabwera kudzamugwira dzanja Noelie, kumuuza kuti sanaonepo chinthu chowagwira mtima chotere. Bambo wina wa ndevu zotuwa anapukuta misozi. Tisaname, Noelie anakondwa. Anali atadikira madzulo otere kuyambira ali kusukulu, ndipo chimwemwecho chinali chenicheni, kungoti chinali ndi mchenga m'kati.

A Clovis analowa mochedwa, Roy ali pambuyo. Anavala suti yomwe anaikira maliro a akazi awo, a Eula, ndipo inali itayamba kuwakulira. Sanapereke moni kwa aliyense. Anayamba kuzungulira chilumba chija ndi ndodo yawo, pang'onopang'ono, ngati munthu woyendera munda wobwereka. Mawu awo anali a m'boti, osadziwa kunong'ona. Anati tchalitchi sichinali apo, chinali chauko. Anati khwawa ili silinkakhota chonchi, amene analikhotetsa ndi aja anabwera kudzakumba ngalande zofunira mafuta. Anati apa mpomwe ng'ombe ya amalume awo inamira m'matope, anthu n'kudya nyama sabata yathunthu. Anthu anayamba kuwatsatira.

Mayi Whitlock anadzidziwitsa mwaulemu, n'kuwafunsa kuti akumva bwanji poona kwawo kutayalidwa chonchi.

"Ndikumva njala, mayi," anatero a Clovis. "Zonse mukuzionazi ndinadya ine."

Anthu anaseka, Noelie nayenso anaseka, mapewa n'kutsika pang'ono. Mwina sanakwiye. Mwina mulu uja unapirira.

Atafika kum'mawa anaima. Anatsamira ndodo, anawerama movutikira, n'kutola chigoba chimodzi. Pakhoma panali polembedwa kuti osagwira. Mayi Whitlock anakoka mpweya, koma Noelie anawapukusira mutu. A Clovis anachitembenuza chigobacho n'kuloza m'mphepete mwake, pomwe mpeni unabenthula.

"Amako awa," anatero, tsopano motsitsa mawu.

A Eula anali amanzere. Aliyense amalowetsa mpeni mbali imodzi, iwo ankalowetsa mbali inayo, ndipo chigoba chotsegula iwo chinkadziwika ngakhale pakati pa chikwi. Anamwalira Noelie akadali kusekondale. Zigoba zawo zinali zitakwiririka kalekale pansi pa za zaka zonse zotsatira.

A Clovis anayendetsa ndodo pamwamba pa kum'mawa konse. "Apa ponse n'zawo. Wafika pansi ndithu, mwana wanga."

Kenako anapukuta chigobacho ndi chala chachikulu. Chala chinaterereka pa vanishi. Anapukutanso, anachinunkhiza, n'kumuyang'ana Noelie. Noelie akanakonda bambo ake akanamutukwana pamaso pa anthu onsewo. Iwo anangoika chigobacho m'thumba la jekete.

Mayi Whitlock, posadziwa zomwe zadutsa pakati pa awiriwo, anaona kuti ino ndiyo nthawi yabwino yoperekera uthenga wosangalatsa. Anati nyumba ina yaikulu yosungiramo zaluso, ya kumpoto, ikufuna kutenga ntchito yonseyi kuti ikhale yawo mpaka kalekale, m'chipinda chakechake, mopanda chinyontho.

"Sizogulitsa," anatero Noelie mofulumira. "Zikubwerera kwawo."

A Clovis anafunsa ngati kumeneko madzi amafika. Mayi Whitlock anaseka n'kunena kuti ayi, nyumbayo ili paphiri, ndipo chipindacho n'cham'mwamba. A Clovis anagwedeza mutu n'kufunsa Roy komwe kuli chakudya.

M'mawa mwake Noelie anawatenga bambo ake pa galimoto yake kukawatula kwawo. Njira yonse pakamwa pake sipanatsekeke. Anati chionetsero achitseka msanga, Mayi Whitlock akwiye akwiye. Anati apeza lole. Vanishi aipala ndi mchenga, alipo makina ake. Ayendera malo odyera onse a mumzinda kupempha zigoba zatsopano, aziika m'matumba, Roy aitane anzake. Akamaliza ankayambiranso, akusintha apa ndi apo. A Clovis ankangoyang'ana pawindo. Atadutsa mitengo youma yomwe mchere unapha, anayamba kutchula mayina a eni masitepe a simenti omwe anatsala okhaokha m'mbali mwa msewu, nyumba zitapita. Msewu wolowera pachilumba unali ndi madzi ofika m'kakolo.

Noelie sanalowe m'nyumba. Anazungulira kuseri chothamanga.

Mkuyu unali utagwa, nthambi m'madzi, mizu m'mwamba. Chitsa cha mulu chomwe anasiya iye ndi Roy chinali chitaphwasuka, zigoba zitamwazikana pansi pa madzi ngati mbale zosweka. Kapinga yemwe ankaseweramo ali mwana, pomwe amayi ake ankayanika zovala, panalibe. Nyanja inkanyambita sitepe yomaliza ya khomo la kuseri, ndipo nsanamira ya pakona inali itakokoloka dothi m'munsi. Anaima pamenepo madzi akulowa m'nsapato, akuyesa m'mutu mwake pomwe lole ingadzakhuthulire. Malo otero panalibe.

Atakwera m'nyumba anapeza makatoni. Ena anali omanga kale, olembedwa ndi dzanja la Roy. Chithunzi cha a Eula chinali chitachotsedwa pakhoma, patatsala kabwalo koyera. A Clovis anali atavula jekete, akutsuka mpeni wa nkhono pasinki.

"Papa, n'chiyani ichi?"

"Makatoni. Mumzinda kulibe?"

"Musapite." Mawuwo anatuluka okha, ndipo iye mwini anadabwa kuwamva. "Ndikonza. Mundipatse nthawi, ndikonza."

"Zaka zonsezi ukundiimbira nyimbo imodzi. Lero ndadzuka kuti ndivine, ukuti ndikhale pansi?"

"Ndine ndachita zimenezi."

A Clovis anapukuta mpeni ndi kansalu, mbali iyi ndi iyo, osafulumira. Noelie ankayembekeza kuti amuuza kuti ayi, si iweyo. Sanatero.

"Madzi anali akubwera kale," anatero. "Iwe wangowatsegulira chitseko msanga."

Anamuuza modekha kuti mulu suumbidwa ndi lole. Umagwirana wokha, chaka ndi chaka, nkhono pamsana pa nkhono, ndipo iwo pamsinkhu wawowu sadzauonanso utagwirana. Anati mphepo ija itawomba anakhala pakhomo la kuseri akuonerera mkuyu ukupendekeka, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire anachita mantha m'nyumba mwawo. Mantha amenewo, anatero, safuna kuwamvanso.

"Mayi uja umuuze atenge," anatero. "Bola pakhale malo amodzi a Bonfils pomwe munthu angaime osanyowa mapazi."

Noelie anakhala pa katoni n'kulira. Chinthu chomwe anachipempha kwa zaka zambiri chinali chitaperekedwa, ndipo sichinkamezeka. Bambo ake anamusiya alire. Anakoka thumba la nkhono lomwe Roy anawasiyira, anakhala patebulo, n'kuyamba kutsegula. Atatsegula zokwanira anamuitana kuti adzadye, akuti misozi ya munthu wanjala sichedwa kusanduka mutu. Anadya ndi ndimu ndi tsabola. Iwo anadandaula kuti kunzimbe nkhono azikagula kusitolo ngati mlendo.

Atamaliza, a Clovis anasonkhanitsa zigoba m'beseni, anatenga ndodo, n'kudzuka. Miyendo inawatengera yokha ku khomo la kuseri, monga inkachitira tsiku lililonse la moyo wawo. Anatsegula chitseko, dzanja litakonzeka kale kukhuthula. Kunja kunali madzi okhaokha mpaka komwe maso alekeza. Anaima pamenepo kanthawi, beseni lili m'chiuno, mphepo ikukupiza malaya awo.

Anatseka chitseko n'kubwerera. Anafunafuna m'kabati mpaka anapeza jumbo, anakhuthuliramo zigobazo, anamanga pakamwa, n'kuiika pamiyendo pa Noelie.

"Kum'mawa kuja, pakona, pakuonekabe simenti," anatero. "Ukaikepo izi. Koma usazipake kanthu."

Noelie anaigwira jumboyo ndi manja awiri. Inali ndi kabowo pansi, ndipo timadzi tamchere tinayamba kunyowetsa siketi yake.